Mpando wa Kudenga

"Mudzutse mkazi wakoyo asanandidetsere zovala za eni ake!"

"Amayi, munthu wakomoka uyu."

"Wakomoka chiyani? Wokomoka amasankha pogwera? Taona pamene agwera a Mfumukazi, pa mulu wa mabulangete. Bwanji osagwera pa thumba la makala apo?"

Mkamwana ankamva zonsezi ali chagada, koma mawuwo ankamufika ngati akuchokera kutsidya la mtsinje. M'makutu mwake munkagwa mvula. Pamwamba pake malaya a anthu anali lendelende pa zingwe, opanda mitu, opanda miyendo, akugundana mapewa ngati akunong'onezana za iye. Ndipo pamwamba pa malayawo, kufupi ndi malata, panali mpando uja.

M'shopu yochapa ndi kusita ya banja limeneli munali mpando umodzi wokha, ndipo unkakhala kudenga. Anaumangirira kumeneko ndi malemu apongozi aamuna, tsiku lomwe anapeza wantchito akuwodzera, simbi ikudya thalauza la mwini. Kuyambira pamenepo lamulo linali limodzi: muno munthu sakhala pansi. Kudya, choimirira. Kukangana, choimirira. Ngakhale mlendo amapatsidwa moni ali njo, n'kumapita msanga. Malemuwo anatsogola, koma mpando unatsala m'mwamba, ukugwira ntchito yopachikapo majekete.

"Taona malaya a dalaivala wa basi awa!" anatero apongozi aakazi, akuwatambasula pamaso pa mwana wawo, yemwe anthu onse mumsewuwo ankangomuti Wanjinga chifukwa ndiye ankaperekera zovala m'makomo. Pamsana pa malayawo panali chizindikiro cha simbi, chofiirira. Kwa mkamwana, ali pansipo, chinkaoneka ngati kabwato. Anaganiza zokwera kabwatoko.

"Ndikamuuza chiyani dalaivala? Ndikati mkamwana wanga ali ndi mtima wothamanga? Andiyankha kuti basi yakenso imathamanga koma siwotcha anthu."

"Chiyambire chimfine chachikulu chija sanakhalenso bwino, Amayi. Inunso mukuona."

"Chimfine chija tinadwala tonse. Ine ndinatsokomola mpaka agalu a mumsewu muno anasamuka. Kodi ndinagona? Kuchipatala mwapitako kangati? Magazi ali bwino, mtima uli bwino, mimba mulibe. Adokotala onse ndi opusa, wanzeru ndi mkazi wako yekha?"

Wanjinga anayang'ana nsapato zake. Anali mwamuna wabwino, koma wabwino ngati madzi, amene amangotenga maonekedwe a ndowa yomwe athiridwamo.

"Ndatumiza kale uthenga kwawo," anatero apongozi, akupinda malaya opsawo. "Mwezi ukamatha achimwene ake abwere adzamutenge, akapume."

"Nanga mwana?"

"Mwana atsala. Ukufuna akamugwetse pamoto?"

Mawu akuti akapume anamudzutsa mkamwana kuposa madzi omwe mwamuna wake ankamuwaza. Aliyense amadziwa kupuma kwa mtundu umenewo. Mkazi amapita ndi chikwama chimodzi, ndipo pakapita nyengo amamva kuti m'chipinda chake muli makatani ena.

Anadzuka pang'onopang'ono, n'kugwira mwendo wa tebulo, n'kuimirira. Nthawi yomweyo kanthu kaja ka m'chifuwa kanayambanso: phaphapha, ngati nkhunda yolowa m'nyumba mwangozi, ikuwomba pa zenera lililonse.

Masiku otsatira anayenda ngati utsi. M'mawa, akagona, mkamwana anali munthu wabwinobwino. Ankatha kuseka, kuimbira kamwana kake, ngakhale kuganiza zoti lero asita mulu wonse mpaka apongozi asowe chonena. Koma akangoponda pansi, dziko linkayamba kutalikira. Mapazi ankalemera ndi kuzizira ngati a munthu wina wobwereka. Mutu unkapepuka. Pofika patebulo lositira, pomwe simbi za makala zinkapuma moto, anali atakhala anthu awiri: wina wogwira simbi, wina woyandama kumalata, atakhala pa mpando wa malemu, miyendo ikulendewera, akuonerera mitu ya anthu. Kumeneko ankaona zinthu zambiri. Ankaona kuti Wanjinga wayamba dazi. Ankaona kuti apongozi, akaganiza kuti palibe akuwaona, amanyamula phazi limodzi n'kulipukusa pa mwendo winawo ngati kakowa.

Makasitomala nawonso anali ndi maganizo awo. Mayi wogulitsa matumba anati ndi mimba yobisala. Wometa tsitsi anati ndi maganizo, mtsikanayu akufuna foni yatsopano. Mayi wina wopemphera kwambiri anamugwira pamutu n'kukuwa mpaka kamwana kanalira, kenaka anafunsa ngati diresi lake lauma.

Tsiku lina masana, apongozi atapita kukagula sopo, mkamwana anagona pansi pa tebulo. Wanjinga anamupeza pomwepo.

"Amake mwana, dzukani, abwera posachedwa."

"Bwerani mumve kaye. Inu nokha. Ikani khutu apa."

Wanjinga anagwada, n'kuika khutu pachifuwa pa mkazi wake. Anamvetsera nthawi yaitali, maso ali kudenga.

"Mwamva chiyani?"

"Ukugunda."

"Ukugunda bwanji?"

"Bwinobwino. Ngati wanga." Anakanda m'mutu. "Mwinanso kuposa wanga."

"Umatero. Ukaona anthu umakhala ngati mwana wabwino. Mukangotembenuka umayamba."

"Ine sindikukutsutsani."

"Koma simukundikhulupirira."

"Ndikukukhulupirirani, koma ... Amayi akuti mwina thupi linangozolowera bedi nthawi ya chimfine ija. Akuti zimachitika. Ulesi sumabwera ndi belu."

Choopsa chinali chakuti mkamwana nayenso anali atayamba kudzifunsa. Mwina ulesi umamveka choncho ukakhala m'kati. Mwina alesi onse a padziko lapansi ali ndi nkhunda m'chifuwa, kungoti sanena.

"Tiyeni tikayese kuchipatala chachikulu," anatero Wanjinga. "Komaliza."

Apongozi atamva, anadabwitsa onse. "Ndipita nawo ndine. Iwe umakangoti inde, inde. Ndikufuna ndikamve ndi makutu angawa, kuti achimwene ake akabwera ndisakhale ine mfiti."

Kuchipatala chachikulu kunali makoma oyera ndi mabenchi aatali, ndipo mkamwana anakukonda. Kunali malo okhawo padziko pomwe munthu amatha kugona masana popanda womunena. Pa mzere anagona pa benchi, mutu pa chikwama. Apongozi anaima pambali pake ngati mlonda, manja kumbuyo, ngakhale malo okhala analipo.

Atalowa, anapeza adokotala aakazi, aafupi, ovala magalasi pamphuno. Mkamwana ataona kabedi pakona sanadikire kuuzidwa. Anakwerapo, n'kugona, n'kupuma mpweya wautali. Nkhunda ija inapinda mapiko.

"Khalani apa, mayi," adokotala anawalozera mpando apongozi.

"Zikomo, ine sindikhala."

"Mukudwala msana?"

"Ndili bwino, n'chifukwa chake sindikhala."

Adokotala anayang'ana pamwamba pa magalasi. Anafunsa mkamwana mafunso, ndipo apongozi anayankha onse. Kenaka anamupana chala ndi kachipangizo kokhala ngati chopanira zovala pachingwe, kokhala ndi kawindo kowala, n'kumumanga lamba pamkono, n'kumvetsera pachifuwa ndi kumsana. Mkamwana ankayang'ana denga. Denga la kuno linalibe mpando, ndipo linkaoneka losowa kanthu.

"Mtima ukumveka bwino," anatero adokotala pomaliza. "Kuthamanga kwa magazi kulinso bwino."

"Mwamva?" Apongozi anawomba m'manja kamodzi. "Mwamva, a Mfumukazi? Dzukani! Imirira, mwana iwe, uthokoze adokotala ngati munthu woleredwa. Wagona pabedi la eni ake ngati walipira lendi. Ima pomwepo, usatsamire khoma, mpaka amalize kulemba."

Mkamwana anatsika n'kuima, manja m'mbali. Misozi inali pafupi, koma anaimeza. Kachipangizo kaja kanali kakadali pa chala, aliyense atakaiwala.

"Adokotala, mundikhululukire, ndiyankhulepo pang'ono," anayamba apongozi. "Ana a masiku ano anabadwa ndi mafupa a buledi. Ine ndinalowa m'shopu ija ndili mtsikana. Malemu bambo ake a mwana wanga anali munthu wa lamulo. Mimba zanga zonse ndinasita nazo choimirira. Wachiwiri uja anatsala pang'ono kubadwira mu beseni ..."

Mvula inayamba m'makutu a mkamwana. Makoma oyera anayamba kuchita imvi m'mbali. Anaona magalasi a adokotala akusanduka timiyezi tiwiri. Kenaka anamva kulira, ti-ti-ti-ti, ndipo anadabwa kuti lero nkhunda yake yapeza mawu.

Sinali nkhunda. Kanali kachipangizo ka pa chala.

Adokotala anasiya kulemba. Anayang'ana kawindo kowala kaja, pomwe nambala inkakwera ngati munthu wothawa galu pa makwerero. Anadzuka mwakachetechete n'kukaima pambali pa mkamwana, dzanja limodzi kumsana kwake.

"Ungathe kuimabe pang'ono? Ndakugwira, sugwa," anamunong'oneza. Kenaka anatembenukira kwa apongozi, omwe anali atasiya pakamwa pali yasa. "Pitirizani, mayi. Musasiye. Munati beseni."

Apongozi anali asanapezepo munthu wophunzira wowapempha kuti apitirize. Anakonza mpango, n'kupitiriza. Anafotokoza za beseni. Anafotokoza za wantchito wowodzera, za thalauza, za chingwe chomwe malemu anagula dala, chokhuthala ngati chomangira ng'ombe. Anafotokoza momwe mpando unakwerera kudenga anthu a mumsewu akuonerera. Nthawi yonseyi adokotala ankangoti, "Eya ... kenako?" maso ali pa kawindo, n'kumapopanso lamba wa pamkono uja.

"Basi, zakwana. Gona, mwanangu."

Mkamwana anagwera pa kabedi. Kulira kuja kunayamba kuchedwa, kuchedwa, mpaka zii.

"Makinawo awonongeka?" anafunsa apongozi.

"Bwerani kuno, mayi. Ndipatseni zala zanu." Adokotala anatenga zala ziwiri za apongozi, zokhakhala ndi sopo, n'kuziika pa dzanja la mkamwana, m'munsi mwa chala chachikulu. "Mukumva?"

"Ndikumva. Ukuyenda ngati munthu wopita kumunda."

"Musachotse. Mwanangu, pepa, imiriranso kamodzi kokha."

Mkamwana anaimirira. Chiyambire kulowa m'banjamo, aka kanali koyamba kuti apongozi amugwire dzanja. Anaona nkhope yawo ili pafupi kwambiri, makwinya onse, ndi katsitsi kamodzi koyera pachibwano. Anaona nkhopeyo ikusintha pang'onopang'ono, ngati nsalu yomwe madzi akuilowa.

"Iii," anatero apongozi chapansipansi. "Iii! Kodi muli chiyani umu? Iwe, ukuchita dala?"

"Yesani inuyo kuchita dala tione," anatero adokotala, akumugoneka mkamwana. "Vuto la mwanayu limabisala akagona, ndipo aliyense, ngakhale ine, takhala tikumuyeza atagona. Inu mumayanika zovala. Mukapachika thaulo lonyowa, madzi amapita kuti?"

"Kumunsi. Kumwamba kumauma msanga."

"Munthu akaimirira, magazinso amafuna kuthawira kumiyendo. Mwa ine ndi inu, mitsempha imafinya yokha n'kuwabweza kumtunda. Mwa ena, matenda a kachilombo ngati chimfine chija akadutsa, mitsempha imachita ngati yaiwala ntchito imeneyo. Mutu umatsala wouma, mtima n'kumathamanga kuti upulumutse zinthu. Si ulesi. Mtima wa mwanayu ukugwira ntchito kuposa wa wina aliyense m'shopu mwanu."



"Ndiye achira?" Funsoli linatuluka mwa mkamwana mwiniwake, ngati akufunsira mnzake.

"Ambiri amapeza bwino, koma pang'onopang'ono, miyezi, osati mawa. Uzimwa madzi ambiri, kuyambira usanadzuke. Mchere uwonjezereko, poti magazi ako sathamanga mokwera. Ndikulembera masokosi othina ofika m'chiuno. Bedi mulikweze kumutu ndi njerwa. Podzuka uzikhala kaye, kenaka n'kuima. Ndikuonetsa zolimbitsa miyendo uli chogona, ndipo usadzikakamize tsiku lomwe thupi lakana. Zikapanda kukwanira tidzawonjezera mapiritsi, n'chifukwa chake uzibweranso. Koma mankhwala oyamba sali m'chipatala muno." Adokotala anayang'ana apongozi pamwamba pa magalasi. "Azigwira ntchito atakhala pansi, kutali ndi moto."

"M'shopu mwanga mulibe mpando."

"Mwandiuza nokha kuti ulipo. Mwandiuzanso kukhuthala kwa chingwe chake."

Kunyumba Wanjinga atafunsa, apongozi anangoti, "Kagule masokosi," ngati akutukwana.

Masiku anapita. Bedi linakwera kumutu, moti Wanjinga ankadzuka atatsetserekera kumiyendo, akudandaula kuti akugona paphiri. Masokosi aja kuvala kwake inali nkhondo ya anthu awiri, wina kukoka, wina kutukwana, kamwana kakuseka pakhomo. Mkamwana ankamwa madzi mpaka kumva ngati m'mimba mwake mungathe kukhala nsomba. Mvula ya m'makutu inachepako, koma patebulo lositira, pafupi ndi makala, inkabwerabe.

Ndipo mpando unali kudengabe. Apongozi sanamutchenso Mfumukazi, koma sanatchulenso za chipatala. Ankangoti akaona mkamwana akuyamba kuyera milomo, "Pita ukaone ngati kuseri kwagwa zovala," ndipo kuseriko kunali udzu wabwino wogonapo. Za uthenga uja sananene kuti aubweza. Wanjinga atayesa kufunsa, anamuyankha kuti matayala a njinga yake aphwa.

Mkamwana analongedza chikwama n'kuchibisa pansi pa bedi, pakati pa njerwa. Kamwana kankachitulutsa n'kukhalapo.

Mwezi ukutha, m'mawa wina dzuwa likulowa m'shopu mopendekera, nthunzi ya simbi ikuyandama m'kuwalako ngati mizimu ya malaya, pakhomo panaima munthu wamtali ngati mlongoti. Anali achimwene ake a mkamwana, atavala jekete la maulendo, chipewa m'manja.

"Odi muno. Ndalandira uthenga wanu, mayi."

Simbi inalemera m'dzanja la mkamwana. Anaiika pa chitsulo chake mosamala. Nkhunda inayamba, ndipo ulendo uno sanadziwe ngati ndi matenda kapena mantha. Wanjinga anapeza chochita ndi tcheni cha njinga.

Apongozi anamuyang'ana mlendoyo kuyambira kunsapato mpaka kumutu, ndipo anachedwa kwambiri kumutuko.

"Mwayenda bwanji, bambo?"

"Ndayenda bwino, kaya inu. Ulendo ndi wautali." Maso ake anazungulira m'shopumo kufuna pokhala, monga ankachitira mlendo aliyense, n'kubwerera opanda kanthu.

"Kodi kwanu nonse ndinu aatali chonchi?"

"Ine ndiye ndinapitirira, mayi."

"Mwabwera bwino. Vulani nsapato, mukwere patebulo apa."

"Mayi?"

"Kwerani, bambo, tebulo ndi langa. Mwana wangayu ndi wamfupi ngati bambo ake, ndipo makwerero tinabwereketsa. Mukuona chingwe icho?"

Achimwene anayang'ana mlongo wawo. Mlongo wawo anayang'ana kudenga. Munthu wamkulu, wobwera kudzatenga mbale wake pa ukwati wotha, anapezeka ali patebulo ndi masokosi obooka, akulimbana ndi mfundo ya malemu. Mfundoyo inali itauma ngati mwala. Anayesa ndi zala, anayesa ndi mano.

"Dulani," anatero apongozi, akumupatsira sizasi. "Mwiniwake akafunsa ndikayankha ndine. Sindichedwa kumupeza."

Fumbi la zaka linagwa ngati ufa, likunyezimira m'dzuwa. Majekete anatsika kaye, kenaka mpando unabwera pansi pang'onopang'ono, ukuzungulira, ndipo mkamwana anaona ngati akuona mwezi ukutsitsidwa ndi manja. Unali waung'ono kuposa momwe unkaonekera ali chagada. Mwendo umodzi unali ndi chisa cha mavu chakale.

Apongozi anaupukuta ndi malaya a dalaivala aja, n'kuuika pafupi ndi khomo, pomwe pamadutsa kamphepo. Anakokerapo katebulo kakafupi kopindirapo zovala.

"Makolala, mabatani ndi kupinda, zonse zizichitikira apa. Simbi azikubweretsera mwamuna wako, yamoto pang'ono. Wamva, iwe wa tcheni?"

"Ndamva, Amayi."

Achimwene anatsika, akusasa fumbi m'mutu. "Pepani mayi, ine sindikumvetsa. Ndiye ndimutenge?"

"Mumutengere kuti? Nanga makolala awa apinda ndani, inuyo? Mwathandiza, bambo. Mumwe tiyi, mupereke moni kunyumba."

Mkamwana anayamba kuyenda kupita ku mpandowo, akugwira m'mphepete mwa tebulo.

"Dikira," anatero apongozi. "Chinthu chakhala m'mwamba zaka zonsezi, mwina chafumbwa. Ungagwe, adokotala aja n'kunena kuti ndine. Ndiuyese kaye."

Anatembenuka, nagwira masiketi, natsika mosamala ngati munthu wolowa m'madzi ozizira. Mpando unalira kamodzi, n'kuvomera. Apongozi anatambasula miyendo. Apo ndi pomwe onse anaiona bwino miyendoyo, yotupa m'mapazi, mitsempha itapotana ngati mizu ya mtengo. Anatulutsa mpweya wautali, wochokera kutali, mwina ku mimba yoyamba ija.

"Uli bwanji, Amayi?" anafunsa Wanjinga.

"Sindinamalize kuyesa."

Anadikira. Kunja kunadutsa ngolo. Simbi inazizira pa chitsulo chake. Kamwana kanabwera n'kutsamira pa bondo la agogo ake, ndipo dzanja la agogowo linagwera pamutu pake lokha. Maso awo anali atatsekeka.

Mkamwana anatsetsereka n'kukhala pa mulu wa mabulangete, pambali pa mpandowo, msana kukhoma. Palibe anamuletsa. Nkhunda inazungulira kamodzi, n'kutera. Anayang'ana kudenga, pomwe kachidutswa ka chingwe kankagwedezeka kokha, ndipo kwa nthawi yoyamba sanadzione ali kumeneko.

"Iwe wa njinga," anatero apongozi, osatsegula maso. "Ukamaliza kuperekera zovala, udutse kwa kalipentala. Umuuze apange wina wa mkazi wako. Uwu ndaupeza ndi vuto, ufunika kuuyang'anira ndekha."